DZIKO LA KUSI: CIGAWO CA KUMPOTO CA SUDAN

Iye amene awerenga Buku Lopatulika mosamala akomana kawiri kawiri ndi dzina la Kusi. Alipo Ebedi-Meleki Mkusi, amene anaturutsa Yeremiya m'dzenje la matope. Ilipo mfumu ya Kusi imene mbiri yace inasautsa Sanakeribu m'masiku a Hezekiya. Aliponso mdindo uja wa Kandake amene Filipo anambatiza pa njira ya ku Gaza. Ambiri a ife tiyesa kuti anthu amenewa anacokera ku dziko la mapiri limene lichedwa Ethiopia lero. Si tero ai. Agriki akale anacha Ethiopia dziko lonse la anthu akuda lokhala kumwera kwa Egypt, ndiye Aigupto wa m'Buku, ndipo Kusi ndico makamaka cigwa ca mtsinje wa Nile m'dziko limene tilicha Sudan. Malikuru oyamba a Kusi anali m'cigawo cimodzi mwa zigawo 18 za Sudan, cochedwa Northern State pa Cingelezi, Ash Shamaliyah pa Ciarabu, ndiko kunena Cigawo ca Kumpoto. Mudzi wace waukuru ndiwo Dongola. Tiyeni tione dzikolo, anthu ace, ndi mabwinja ace.

Dziko ndi mtsinje

Cigawoci ncacikuru ndithu: ukuru wace uli pafupi masikweya kilomita 349,000, ndiko kuti pang'ono ndi theka la Zambia yense. Kumpoto cicita malire ndi Egypt, ndi kumpoto cakumadzulo ndi Libya, pamene maiko atatuwo akomana pa phiri la Uweinat. Kumwera kuli Darfur, Kordofan ndi Khartoum. Kum'mawa kuli cigawo cinzace ca River Nile. Koma pa kalembera wa caka ca 2008 anapezamo anthu pafupi 700,000 okha, osafika ngakhale theka la anthu a mu Lusaka. Cifukwa cace ncosabisika. Dziko lonselo ndi cipululu ca mcenga ndi miyala, ndipo moyo uli pa kamzere kamodzi kobiriwira kotsata mtsinje. Pena kamzereko katambalala makilomita angapo. Pena munthu akhoza kuima phazi limodzi m'munda ndi linzace m'cipululu.

Nile wa kuno ndi mtsinje wa madzi a eni. Nthambi yace imodzi icokera ku nyanja ya Victoria, yinzace ku nyanja ya Tana ku mapiri a Ethiopia, ndipo ziwirizi ziphatikana pa Khartoum. Pa Atbara ulandira mtsinje wotsiriza. Kuyambira pamenepo kufikira ku nyanja ya Mediterranean palibenso mtsinje wokhalitsa wothira madzi mwa iwo. M'mwezi wa August ndi September, pamene mvula iri kugwa ku Ethiopia, mtsinjewo udzala, nufiira ndi matope, nusiya dothi lakuda m'magombe. Anthu a ku Dongola akhala akulima zaka zikwizikwi ndi mvula imene sanaione ndi maso.

Mtsinjewo suyenda molunjika. Pa Abu Hamed utembenuka ngati wasintha maganizo, nuyenda kumwera cakumadzulo, kupitira pa Karima, Merowe ndi Korti, mpaka pa Ed Debba, pamene utembenukanso kuloza kumpoto. Kanthu aka kanali ndi nchito yaikuru masiku a ngalawa za matanga. Mphepo ya dzikolo iomba kucokera kumpoto pafupi caka conse. Motero kunsi kwa Ed Debba munthu akwera mtsinje ndi mphepo, natsika ndi madzi. Koma pa cigawo ca Karima mphepo ndi madzi ziloza kumodzi, ndipo kukwera kumeneko kunali kobvuta. Palinso malo amene miyala yolimba idutsa mtsinje, amene mabuku awacha mathithi. Owerenga asaganize za Mosi-oa-Tunya. Awa ndi matanthwe ndi tizisumbu tosawerengeka pamene madzi athamanga ndi kuswa mabwato. Mathithi acitatu ali pafupi ndi Kerma. Aciwiri ndi acinai anamira pansi pa nyanja zopangidwa ndi anthu, monga tidzaona. Kumwera kwa Wadi Halfa kuli dera louma koposa, limene Aarabu analicha Batn el-Hajar, Mimba ya Miyala. Dera limeneli linachinga Kusi kwa adani a kumpoto koposa linga liri lonse.

Za nyengo

Kuno kwathu tidandaula mvula ikacedwa masabata awiri. Ku Wadi Halfa zipita zaka osagwa ndi dontho lomwe, ndipo dzuwa liwala maola oposa 4,000 pa caka. Malo owerengeka okha pa dziko lapansi alingana nako. Ku Dongola mvula ya caka conse, pa zaka zambiri, siifika ngakhale mamilimita 25, pamene ku Chipata igwa pafupi 1,000. Kuyambira May kufikira September kutentha kwa usana kupitirira madigri 40 masiku ambiri, ndipo pena kufika 45 ndi kuposa. Koma m'December ndi January usiku uzizira kwambiri, kotero kuti anthu afunda zofunda zolemera. Nthawi zina kuuka namondwe wa pfumbi wochedwa habub, amene adetsa usana ngati madzulo. Ndipo cakumapeto kwa nyengo yozizira kubuka timnchenche tating'ono tochedwa nimitti, tolowa m'maso ndi m'makutu, kotero kuti olima aphimba nkhope ndi nsaru yopyapyala.

Mvula ikagwa yambiri m'dziko lotere ikhala tsoka, pakuti nyumba nza dothi ndi madenga ace ngafulati. M'caka ca 2024 mvula yacilendo inagwetsa nyumba zambiri m'cigawoci. Koma kuuma komweko ndiko kwatisungira mbiri. Cimene ciswe ndi cinyezi zikadadya kuno pa zaka khumi, mcenga wa Nubia ucisunga zaka cikwi: nsaru, zikopa, makalata, ngakhale utoto wa pa zipupa.

Anthu ace

Eni dziko akale ndiwo Anubi. Kucokera ku malire a Egypt kunka kumwera kuli a ku Halfa, a ku Sukkot ndi Amahasi, olankhula cinenero ca Nobiin. Pambuyo pao Adanagla a ku Dongola, amene cinenero cao cichedwa Andaandi. Zinenero izi si Ciarabu ai, ngakhale onse adziwanso Ciarabu. Kumtunda, ku dera la Korti, Merowe ndi Karima, kuli Ashaigiya, olankhula Ciarabu, amene kale anachuka ndi nkhondo ya pa akavalo. M'cipululu muyenda oweta ngamila, monga Akababishi ndi Ahawawiri. Pafupi onsewa ndi Asilamu.

Cuma ca Mnubi ndi kanjedza wobala zipatso zotsekemera zimene ena azicha tende. Mtengowo suubala bwino wokha: mwini akwera ndi kuika ufa wa duwa la mtengo wamphongo pa duwa la mtengo waukazi, ndipo akolola m'September ndi October. Mtundu wochuka ndiwo barakawi, wouma ndi wosaola msanga. Mtengo umodzi ukhoza kukhala colowa ca abale ambiri, yense ndi gawo lace la zipatso, ndipo munthu wokhala ku Cairo zaka makumi atatu adziwabe mitengo imene ali nayo gawo. M'nyengo yozizira alima tirigu ndi nyemba zazikuru zochedwa ful. M'nyengo yotentha mapira. Kwa zaka pafupi 2,000 anatunga madzi ndi saqia, gudumu lalikuru la mitengo lozunguzidwa ndi ng'ombe, lokhala ndi mitsuko yomangidwa pa cingwe, imene itsika yopanda kanthu nikwera yodzala. Makina a dizilo anailanda malo m'zaka za m'ma 1900. Popeza minda njocepa, amuna ambiri acoka kukagwira nchito ku Khartoum, ku Egypt ndi ku maiko a Arabia, nasiya midzi m'manja mwa akazi ndi okalamba. Kuyambira ca m'ma 2010 anyamata zikwi zambiri alowanso m'cipululu kukakumba golidi, amene amtsuka ndi mankhwala aululu a mercury.

Kawiri m'moyo wa munthu mmodzi anthu a m'cigwaci analipira mtengo wa magetsi ndi madzi a ena. Egypt ndi Sudan atapangana za madzi a Nile m'caka ca 1959, anamanga damu lalikuru la Aswan, ndipo nyanja yace inalowa m'Sudan makilomita pafupi 150. Mudzi wakale wa Wadi Halfa unamira pamodzi ndi midzi yozungulira, manda ace ndi akanjedza ace. Kuyambira January 1964 anthu pafupi 50,000 anatengedwa pa sitima ya pamtunda kunka ku Khashm el-Girba, kum'mawa kwa Sudan, dziko la mvula ndi matope limene sanalidziwe. Ena anakana, nakhala m'misasa pa gombe la nyanja yatsopano, namanga Wadi Halfa wa lero. Owerenga a kuno sasowa kuwafotokozera zowawa zotere, pakuti m'zaka za 1957 ndi 1958 Atonga pafupi 57,000 anacotsedwa m'cigwa ca Zambezi cifukwa ca Kariba. Kaciwiri, damu la Merowe, limene linatsegulidwa m'caka ca 2009, linamiza mathithi acinai ndi kusamutsa anthu zikwi makumi ambiri a ku Hamdab, Amri ndi Manasir. Pamene boma linafuna kumanga lina pa Kajbar, Amahasi anakana, ndipo mu June 2007 anthu anai anaphedwa ndi mfuti pa cionetsero.

Kerma

Pafupi ndi mathithi acitatu, pa gombe la kum'mawa, paima cimulu cacikuru ca njerwa zosaocha, msinkhu wace mamita 18, cimene Anubi acicha Deffufa. Ndiye kacisi wa mudzi umene unali likuru la ufumu kuyambira ca m'ma 2500 kufikira 1500 Kristu asanabadwe. Abrahamu asanaturuke m'Uri, Kerma unali mudzi kale, wa malinga, misewu, nyumba zoocheramo mkate ndi ng'anjo za mkuwa. Mbiya zace, zofiira ndi milomo yakuda, nzopyapyala ngati cikamba ca dzira, zoumbidwa ndi manja okha. Mafumu ace anaikidwa pa kama pansi pa mitumbira yaikuru yozungulidwa ndi zigaza za ng'ombe, pena zikwi zingapo pa manda amodzi. Sitiyenera kubisa coipa cace: m'manda amodzi a mafumu otsiriza anapezamo mitembo ya anthu oposa 300 amene anaikidwa kuti aperekeze mbuye wao.

George Reisner wa ku America, amene anafukula pano kuyambira 1913 kufikira 1916, anali munthu wa luso, koma anaweruza kuti mudziwo unali boma la Aigupto olamulira anthu akuda. Sanathe kubvomera kuti eni dziko akadamanga zotere. Ndiyo nthenda yomweyo imene inagwira oyamba kulemba za Great Zimbabwe. Charles Bonnet wa ku Switzerland, amene anagwira nchito pano zaka zambiri kuyambira m'ma 1970, anaonetsa kuti Kerma unali ufumu wa Anubi eni ace, umene Egypt anauopa. M'caka ca 2003 gulu lace linapeza m'dzenje mafano 7 a mwala wakuda a mafumu a Kusi a m'tsogolo mwace, oswedwa koma oikidwa mosamala. Anawalumikiza, nawaimika m'nyumba ya zakale pa Kerma pomwepo.

Ca m'ma 1500 Kristu asanabadwe Farao Thutmose I anagonjetsa Kerma, nalemba za kupambana kwace pa matanthwe a ku Tombos. Egypt analamulira dzikolo zaka pafupi 400, ndipo akacisi a nthawiyo alipobe: wokongola koposa ndiye wa ku Soleb, womangidwa ndi Amenhotep III, ndi wina wa mkazi wace Tiye ku Sedeinga.

Phiri lopatulika ndi mfumu ya m'Buku

Pa Karima paima phiri lokha pakati pa cigwa, la mutu wafulati, msinkhu wace ngati mamita 100, lochedwa Jebel Barkal. Pa ngondya yace pali cimwala cosongoka copatukana ndi phirilo, cimene akale anaciona ngati mphiri yoimika mutu, cizindikiro ca ufumu. Anakhulupirira kuti mlungu wao Amun akhala m'kati mwa phirilo, ndipo patsinde pace panamangidwa akacisi ndi mudzi wa Napata. Mphamvu ya Egypt itafooka, panauka mbumba ya mafumu a Kusi pano, ndipo ca m'ma 728 Kristu asanabadwe mfumu Piye inatsika ndi nkhondo nigonjetsa Egypt yense. Mbiri ya nkhondoyo inalembedwa pa mwala waukuru umene unapezeka pa phirili m'caka ca 1862. Isimba kuti Piye, polowa m'mudzi wina umene anauzinga, anakwiyira mfumu yace koposa cifukwa inalekerera akavalo kufa ndi njala. Ndipo ku El-Kurru, manda a mbumbayo, ofukula anapeza akavalo a mafumu oikidwa ciriri, obvekedwa mikanda.

Wamkuru wa mafumuwa ndiye Taharqa, amene analamulira Egypt ndi Kusi kuyambira 690 kufikira 664. Ndiye Tirihaka wa pa 2 Mafumu 19 ndi Yesaya 37. Wophunzira wocenjera adzafunsa kuti, nanga Sanakeribu anazinga midzi ya Yuda m'caka ca 701, Taharqa asanalowe ufumu, bwanji Buku limucha mfumu? Yankho limene ambiri alilandira ndi lakuti pa nthawiyo anali kalonga wotsogolera ankhondo, ndipo wolembayo anamchula ndi ulemu umene anadziwika nao pambuyo pace, monga ife tinena kuti mfumu Davide inapha Goliati. Taharqa anamanga akacisi ambiri, ndi pa Kawa pomwe, kutsidya kwa Dongola. Anatumanso amisiri kukwera cimwala cosongoka cija ndi kulembapo dzina lace pamwamba, nalikuta ndi golidi. Koma Asuri anamposa mphamvu. Analanda Memphis m'caka ca 671, ndipo m'caka ca 663, m'masiku a Tanutamani wolowa m'malo mwace, anafunkha Thebes. Ndiwo mudzi wa No-Amoni umene mneneri Nahumu aukumbutsa Nineve, nachula Kusi monga mphamvu yace. Taharqa anaikidwa ku Nuri, kutsidya kwa mtsinje, pansi pa piramidi lalikuru koposa onse a m'Sudan. Jebel Barkal, El-Kurru, Nuri, Sanam ndi Zuma analembedwa ndi UNESCO m'caka ca 2003 monga colowa ca anthu onse.

Pambuyo pace likuru linasamukira kumwera ku Meroe, kunja kwa cigawo cathu; musausokoneze ndi Merowe wa damu. Kumeneko ndiko kunali akazi acifumu ochedwa Kandake, pakuti Kandake si dzina la munthu, koma la udindo. Mmodzi wa iwo, Amanirenas, anamenyana ndi Aroma m'masiku a Kaisara Augusto, ndipo kazembe Petronius anatentha Napata ca m'ma 23 Kristu asanabadwe, koma sanathe kusunga dzikolo.

Zaka mazana asanu ndi atatu za Mtanda

Tafika pa cimene ambiri sacidziwa. Za mdindo wa Kandake Buku litisiya ali pa ulendo wobwerera kwao, ndipo ofukula sanapeze mpingo wa masiku ace. Koma Meroe atagwa panauka maufumu atatu: Nobadia kumpoto, likuru lace Faras, Makuria pakati, likuru lace Dongola wakale, ndi Alwa kumwera, likuru lace Soba. Ca m'ma 543 wansembe Julian anafika ku Nobadia, wotumidwa ndi Theodora mkazi wa mfumu ya ku Constantinople. Wolemba mbiri John wa ku Ephesus asimba kuti kutentha kunamsautsa kotero kuti kuyambira m'mawa kufikira madzulo anakhala m'mapanga a madzi, thukuta liri kamukamu. Anakhala zaka ziwiri, nabatiza mfumu ndi akuru. Makuria analandira Uthenga ca m'ma 570, ndipo bishopu Longinus anafika ku Alwa m'caka ca 580. Ndiko kuti ku Dongola kunali Akristu Augustine asanafike ku Canterbury kukalalikira Angelezi m'caka ca 597.

Posacedwa cikhulupiriroco cinayesedwa. Aarabu atalanda Egypt anakwera mtsinje kawiri, m'caka ca 642 ndi ca 652. Ulendo waciwiri anazinga Dongola, naponya miyala ndi makina pa chalichi cace, koma sanaulande. Amauta a Nubia analasa m'maso mosaphonya, kotero kuti Aarabu anawacha olasa mboni za maso. Anapangana pangano lochedwa Baqt, limene linakhala zaka pafupi 600. Koma tiyenera kuwerenga mtengo wace: Anubi anapereka akapolo 360 caka ndi caka, nalandira tirigu, nsaru ndi zina. Mtendere wa ufumu wacikristuwo unagulidwa ndi ana a anthu ena, ndipo mlandu umenewo sitingaufafanize.

M'zaka zotsatira Makuria anakula. M'masiku a mfumu Merkurios, ca m'ma 700, Nobadia ndi Makuria anali ufumu umodzi. Alembi a mpingo wa ku Egypt asimba kuti mfumu Kyriakos inatsika ndi nkhondo ca m'ma 748 pomva kuti mkuru wa mpingo wa ku Alexandria waikidwa m'ndende. M'caka ca 836 kalonga Georgios anafika ku Baghdad kukakambirana za Baqt, nalandiridwa ndi ulemu. Anubi analemba m'Cigriki, m'Cikopti ndi m'cinenero cao, cimene anacilemba ndi zilembo za Cigriki, natembenuziramo zigawo za Malembo.

Umboni waukuru unaturuka m'mcenga pa nthawi yotsiriza. Madzi a Aswan ali pafupi kufika, Kazimierz Michałowski wa ku Poland anakumba cimulu ca ku Faras kuyambira 1961 kufikira 1964, poyesa kuti mukhala kacisi wa Afarao. Anapeza chalichi ca bishopu, codzala mcenga kufikira pamwamba, zipupa zace zolembedwa zithunzi zoposa 150, zina pamwamba pa zinzace. Pa cipupa cina panali mndandanda wa maina a mabishopu 28 a mudziwo. Pali cithunzi ca bishopu Petros, wa m'zaka za m'ma 900, munthu wakuda, mtumwi Petro ataika manja pa mapewa ace. Pali anyamata atatu aja m'ng'anjo ya moto, mngelo atawafungatira ndi mapiko. Pali Anna, amene mwambo wa mpingo wakale umucha amace wa Mariya, cala ciri pamilomo. Anamatula zithunzi zoposa 100, nazigawa pakati pa Khartoum ndi Warsaw, ndipo madzi anamiza chalichico.

Dongola wakale sanamire. Ali pa citunda pa gombe la kum'mawa, makilomita ngati 80 kumtunda kwa Dongola wa lero, ndipo a ku Poland anayamba kufukula kumeneko m'caka ca 1964. Nsanamira za mwala za chalichi cacikuru ziimabe m'mcenga. Pa nyumba ya amonke kunja kwa mudzi anapeza manda a bishopu wamkuru Georgios, amene anamwalira m'caka ca 1113, zipupa zace zonse zolembedwa mapemphero ndi mau a m'Mauthenga. Pafupi pali Banganarti, chalichi ca mngelo Rafaele, kumene a paulendo wa cipembedzo anasiya malemba pafupi 1,000 pa zipupa, yense dzina lace ndi pempho lace. M'caka ca 2021 anapeza pakati pa linga mabwinja a chalichi cimene cioneka kuti cinali cacikuru koposa onse a m'Nubia.

Nanga mpingo wotere unatha bwanji? Sunathe ndi lupanga tsiku limodzi. M'caka ca 1276 Sultan Baybars wa ku Egypt analowerera pa mkangano wa m'banja lacifumu, naika pa mpando munthu wace. Mafuko a Aarabu analowa pang'ono pang'ono, nakwatira ana akazi a akuru. Ndipo popeza ufumu wa Anubi unatsata kucikazi, kwa mwana wa mlongo, monga ucitira wa Acewa, ana a maukwatiwo analowa maudindo ali Asilamu. M'caka ca 1317 nyumba yosanja ya mafumu ku Dongola inasandutsidwa mzikiti. Iripo kufikira lero, ndi mwala wochula cakaco. Ca m'ma 1365 mafumu anausiya mudziwo. Komabe kumpoto nyali inayakabe: bishopu Timotheos anadzozedwa m'caka ca 1372, ndipo makalata a kudzozedwa kwace anapezeka m'manda mwace ku Qasr Ibrim, mfumu yacikristu Joel ichulidwa m'kalata wa 1484.

Mau otsiriza ticita kuwamva kwa Francisco Álvares, wansembe wa ku Portugal amene anakhala ku Ethiopia m'zaka za m'ma 1520. Iye anaona amuna 6 ocokera ku Nubia atadza kwa mfumu ya dzikolo kudzapempha ansembe ndi amonke akuwaphunzitsa. Mfumuyo inawabweza manja ali zi, niti iyo yomwe ilandira bishopu wace kucokera ku Alexandria, ndipo siingathe kupatsa ena. Apa, monga ndiona ine, ndipo pagona cifukwa ceni ceni. Kwa zaka 800 mpingo wa Nubia unayembekeza Alexandria kuudzozera mabishopu, ndipo njira itatsekeka panalibe woika manja pa ansembe atsopano. Unatsamiranso pa mfumu koposa muyeso, pakuti mafumu ndi akuru ndiwo anamanga ndi kusunga machalichi. Mpando utagwa, guwa linagwa nao. Mpingo wa Akopti ku Egypt unataya ufumu kale lomwe, nukhala pansi pa Asilamu zaka zoposa 1,300, ndipo ulipo. Wa ku Nubia, umene unapambana pa nkhondo, unazima. Zotsala ndi miyambo yocepa ya m'midzi, monga kupita ndi khanda ku mtsinje kukalisambitsa nkhope, mwambo umene m'malo ena uchulidwa ndi dzina la Mariya.

Masiku a pambuyo pace

Za zaka zotsatira tinena mwacidule. M'caka ca 1820 ankhondo a Muhammad Ali wa ku Egypt anakwera mtsinje, nagonjetsa Ashaigiya ndi mfuti pa Korti. Muhammad Ahmad, amene anadzicha Mahdi nalanda Khartoum m'caka ca 1885, anabadwira pa cisumbu ca Labab pafupi ndi Dongola, mwana wa mmisiri wa mabwato. Kitchener analanda Dongola m'caka ca 1896, ndipo caka cotsatira anayala njanje kudutsa cipululu kucokera ku Wadi Halfa kunka ku Abu Hamed. Popeza panalibe midzi yakuchula, masiteshoni anapatsidwa manambala okha. Sudan analandira ufulu pa 1 January 1956.

Nkhondo imene inabuka pa 15 April 2023 pakati pa ankhondo a boma ndi gulu la Rapid Support Forces inayambira, mwa malo ena, pa bwalo la ndege la Merowe. Pambuyo pace cigawoci cinakhala pothawira. Anthu zikwi zambiri a ku Khartoum anadzaza masukulu ndi mizikiti ya ku Dongola, Karima ndi Wadi Halfa, ena kudikira miyezi cilolezo ca kulowa m'Egypt. M'caka ca 2025 ndege zazing'ono zopanda woyendetsa zinaphulitsa makina a magetsi ku Merowe, ndipo cakumapeto kwa cakaco othawa ku El Fasher anafika ku Ed Debba atadutsa cipululu. Ofukula a maiko ena anacoka nkhondo itayamba, nasiya mabwinja m'manja mwa alonda a m'midzi.

Cuma cambiri ca cigawoci cinasungidwa m'nyumba yaikuru ya zakale ku Khartoum: golidi wa m'manda a mafumu, zithunzi za ku Faras, ndi akacisi a ku Buhen ndi Semna amene anapasulidwa mwala ndi mwala kuwapulumutsa ku madzi a Aswan. Nyumbayo inali m'manja mwa Rapid Support Forces pafupi zaka ziwiri. Akuru ace atalowamonso m'caka ca 2025 anapeza mabokosi oswedwa ndi cipinda ca golidi copanda kanthu. Fano la Taharqa locokera ku Jebel Barkal, la mwala wakuda, msinkhu wace mamita 4, analipeza liri ciimire pamalo pace, linawalemera akuba.